ZA PABENCHI: Thupi likachuluka, dzira limazengereza

 Sabata ino nkhani yanga ndi ya amayi, koma abambo musatembenuze tsamba chifukwa kumapetoku dzina lanu liliponso.

Lachiwiri lapitali ndinalowa mumsika wa Limbe kukasaka juzi ya mwana. Mayi amene ndimakonda kugula pa benchi lawo ndinawapeza nkhope ili yakugwa. Belo lotsegula kumene, anthu akulimbirana zovala, koma eni ake maganizo ali kutali.

"Kwagwanji achemwali?" ndinafunsa.

"Musachite kufunsa asisi. Chaka chachinayi chino ndili pabanja koma mphatso palibe. Apongozi afika dzana kuchokera kumudzi, akuti mwana wawo apeze wina. Akuti ine ndimangodya n'kumanenepa ngati nkhuku yosaikira."

Anandiuza kuti ayenda kwa asing'anga atatu ndipo mpamba wa mabelo awiri unathera komweko. Nditafunsa kuti kumwezi amapita bwanji, anati mwina katatu kapena kanayi pa chaka. Kuchipatala? Sanapiteko. Pokwatiwa anali ndi makilo 62, lero sikelo ikuwerenga 91. Anandilola kuti ndilembe nkhaniyi bola dzina lawo lisatuluke, ndipo silituluka.

Mawu a apongoziwo ndi achipongwe ndipo ine sindiwavomereza ngakhale pang'ono. Komanso sindingakunamizeni kuti kunenepa ndi kubereka n'zosakhudzana. Zimakhudzana ndithu, ndipo ndi bwino mumve kwa ine mwaulemu kusiyana n'kumva mwachipongwe pakhomo panu.

Kwathu kuno mkazi akanenepa timati banja lamuyanja, geni ikuyenda, bambo akusamala. Akaonda timayamba kunong'onezana. Amene tinaona zaka za m'ma 1990, Edzi ikutenga anthu boma lisanayambe kupereka ma ARV ulere m'chaka cha 2004, tikudziwa kumene mantha a kuonda anachokera. Mpaka lero alipo amayi amene amaopa kutsika makilo asanu poopa pakamwa pa anzawo a benchi loyandikana. Kafukufuku wa zaumoyo amene ofesi ya National Statistical Office ya ku Zomba inachita m'zaka za 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 21 mwa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupyola muyeso. M'matauni anali 36 mwa 100. Ndiye kuti mu mzere wa mabenchi atatu, limodzi likukhudzidwa.

Tsono thupi limeneli limachokera kuti? Tiyeni tiwerenge tsiku limodzi la mayi wa pamsika. Wadzuka kusanache kukapikula, sanalawe kanthu. Kukacha wagula tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi mandasi awiri. Cha m'ma 10 koloko mnyamata wa tiyi wadutsanso, kapu ina. Masana chipisi cha pachiwaya ndi botolo lozizira. Madzulo kapu yachitatu, ndipo usiku nsima ya ufa woyera mitanda itatu, ndiwo zosambira m'mafuta. Tsiku lonselo wakhala pa kampando, miyendo ili pansi pa benchi, popita ndi pobwera ndi minibasi. Makapu atatu aja ndi masupuni 12 a shuga. Botolo la 300 ml la zakumwa za mtundu wa kola limakhala ndi shuga wokwana masupuni pafupifupi 8. Zonse pamodzi 20. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2015 kuti munthu wamkulu asamapyole masupuni pafupifupi 12 pa tsiku, ndipo 6 ndiye bwino koposa. Mayiyu si wadyera ayi, akungodya zimene zili pafupi ndi ntchito yake. Koma thupi silimva zifukwa, chotsala chilichonse limasunga ngati mafuta.

Kuti timvane bwino, tione kaye m'mene mimba imayambira. Mayi aliyense ali ndi matumba awiri a mazira, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero, lililonse lotalika pafupifupi masentimita 3. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, oposa miliyoni imodzi. Akamatha msinkhu amakhala atatsala 300,000 kapena 400,000, ndipo pa moyo wake wonse amene amakhwima n'kutuluka ndi pafupifupi 400 okha. Palibe kokapikula ena.

Dzira silituluka mwa lokha, limadikira uthenga. Pansi pa ubongo pali kachiwalo kakang'ono kamene kamatumiza amithenga m'magazi. Amithenga amenewa adokotala amawatcha mahomoni. Imodzi, FSH, imakulitsa dzira. Ina, LH, imalitulutsa m'thumba masiku pafupifupi 14 msambo wotsatira usanayambe. Thumba nalo limayankha ndi homoni yake yotchedwa estrogen, imene imakwera ndi kutsika mwezi uliwonse. Ubongo umamvetsera kukwera ndi kutsika kumeneku kuti udziwe tsiku lotulutsa dzira.

Kale anthu ambiri ankayesa mafuta a m'thupi ndi nkhokwe chabe. M'chaka cha 1994 gulu la Jeffrey Friedman pa Rockefeller University ku New York linatulukira homoni yotchedwa leptin, imene imapangidwa ndi mafuta enieniwo n'kumauza ubongo kuchuluka kwa chakudya chimene thupi lasunga. Ndiye kuti mafuta amayankhula. Akachepa kwambiri, monga mwa mayi woondetsetsa, ubongo umaona kuti kuli njala n'kuimitsa msambo. Akachuluka kwambiri, phokoso limakula mpaka ubongo umasiya kumva bwino. Mafuta omwewo amapanganso estrogen yawoyawo, usana ndi usiku, yosakwera yosatsika. Zili ngati mukudikira kuitana kwa mwana wanu koma pafupi pali wailesi yotsegula mpaka kumapeto.

Vuto lalikulu koposa ndi la shuga. Mukadya nsima, buledi, mandasi kapena kumwa zotsekemera, zonsezo zimasanduka shuga m'magazi. Kapamba amatulutsa homoni yotchedwa insulin, imene ntchito yake ndi kulowetsa shugayo m'minofu kuti mupeze mphamvu. Mafuta akachuluka, makamaka a pamimba, minofu imayamba kuuma khosi, siimveranso insulin. Kapamba amangowonjezera, kawiri, katatu. Koma matumba a mazira amamvabe, ndipo insulin ikachuluka imawakakamiza kupanga homoni yachimuna, testosterone, yopyola muyeso wa mkazi. Nthawi yomweyo chiwindi chimachepetsa kupanga chinthu chimene chimamanga homoni yachimunayo m'magazi, choncho imayenda momasuka. Zikatero mazira amayamba kukula koma amaima panjira osakhwima. Mwezi ukutha, dzira silinatuluke, msambo wachedwa kapena sunabwere. Popanda dzira, ngakhale bambo akhale wamphamvu chotani, mimba singaime.

Amayi ena ali ndi vuto limene madokotala awiri a ku Chicago, Stein ndi Leventhal, analifotokoza mu 1935, lodziwika ndi malembo akuti PCOS. Limagwira mayi pafupifupi mmodzi mwa 10 aliwonse a msinkhu wobereka, ndipo ambiri sadziwa kuti ali nalo. Limayenda m'magazi a ku mtundu, ndipo ngakhale ochepa thupi amakhala nalo, koma kunenepa kumalikolezera ngati mphepo pa moto wa makala. Zizindikiro zake ndi msambo wodumphadumpha, ndevu kapena tsitsi pachifuwa, ndi ziphuphu zosatha pa munthu wamkulu. Palinso chizindikiro china cha kuchuluka kwa insulin chimene amayi ambiri amachiyesa litsiro: khungu lakuda lokhakhala kumbuyo kwa khosi ndi m'khwapa. Mungakhule ndi mwala mpaka kutuluka magazi, silichoka, chifukwa gwero lake lili m'kati.

Ngakhale dzira lituluke, nkhani siinathe. Asayansi a pa yunivesite ya Adelaide ku Australia, m'gulu la Rebecca Robker, anadyetsa mbewa zoweta chakudya cha mafuta ambiri mpaka zinanenepa. Inde, mbewa, koma osati za pa ndodo za m'mbali mwa msewu zija! Mu 2010 analengeza kuti mazira a mbewazo anadzaza mafuta, timagawo topanga mphamvu m'kati mwa dzira tinafooka, mbewa zina sizinatulutse mazira, ndipo mwa mazira otulukawo amene anagwirizana bwino ndi umuna anachepa. Gulu lomwelo mu 2009 linayeza madzi amene amazungulira dzira mwa amayi, n'kupeza kuti mwa amayi onenepa madziwo anali ndi insulin ndi mafuta ochuluka. Dzira limakulira m'madzi amenewo monga mbewu pa nazale. N'chifukwa chake ngakhale mayi wonenepa amene amapita kumwezi bwinobwino amatha kuchedwa kuima. Ku Netherlands, kafukufuku wa mabanja oposa 3,000 amene anatuluka mu 2008 anaonetsa kuti mwayi wotenga pakati unkatsika pang'onopang'ono m'mene kunenepa kunkakwerera, ngakhale mwa amayi amene mazira awo ankatuluka mwezi ndi mwezi. Ndipo mimba ikaima, mayi wonenepa kwambiri amakhala pa chiopsezo chokulirapo cha kupita padera, shuga wa pamimba, kuthamanga kwa magazi ndi kuchira kudzera ku opaleshoni.

Mudziwa bwanji kuti thupi lapyola? Inu ndinu anthu a masamu, simuphonya chenji. Tengani kutalika kwanu m'mamita, muchulukitse ndi nambala yomweyo, ndiye mugawe makilo anu ndi yankholo. Mayi wotalika mamita 1.6, kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 2.56. Akakhala ndi makilo 64 yankho ndi 25, ndipo apa ndiye poyambira kunenepa kopyola muyeso. Akafika makilo 77 yankho ndi 30, uku ndiye kunenepa kumene achipatala amakuwerenga ngati matenda. Masamu akakutopetsani bwerekani tepi kwa atelala muyeze mimba cha pamchombo. Kupyola masentimita 80 chenjerani, kupyola 88 chitanipo kanthu.

Tsopano nkhani yabwino. Mwa zifukwa zonse zolepheretsa kubereka, ichi ndi chimodzi mwa zochepa zimene mayi angathe kuzisintha ndi manja ake. Ndipo sikuti mpaka mubwerere pa thupi la pa chinkhoswe ayi. Kutsitsa makilo 5 mpaka 10 pa makilo 100 aliwonse nthawi zambiri kumakwanira kuti insulin itsike ndipo mazira ayambirenso kutuluka. Kwa mayi wa makilo 90, amenewo ndi makilo anayi ndi theka mpaka 9. Ku Adelaide komweko, kafukufuku amene anatuluka mu 1998 anatsatira amayi 67 onenepa amene ankavutika kubereka ndipo anamaliza miyezi 6 ya kusintha kadyedwe ndi kuchita masewera olimbitsa thupi. Pa avareji anatsika pafupifupi makilo 10. Mwa iwo 60 mazira anayambanso kutuluka okha, 52 anaima, ena mothandizidwa ndi achipatala, ndipo 45 anabereka ana amoyo.

Koma ndikuuzeninso mbali ina kuti mawa musadzati ndinakubisirani. Ku Netherlands mu 2016 madokotala anagawa pawiri amayi onenepa oposa 500. Gulu lina linayamba ndi miyezi 6 yochepetsa thupi, lina linalandira chithandizo nthawi yomweyo. M'gulu loyamba amene anaima okha popanda mankhwala anachuluka kuposa a gulu linalo, koma powerenga ana onse obadwa, gululo silinapose linzake. Phunziro lake n'lakuti kuchepetsa thupi kumathandiza, koma si chifukwa chokhalira pakhomo zaka zikupita. Mazira amachepa ndi kufooka ndi zaka, makamaka kupyola 35. Chitani zonse ziwiri pamodzi, kadyedwe ndi chipatala.

Pa kadyedwe yambani ndi kapu. Masupuni anayi akhale awiri sabata ino, mwezi wamawa imodzi. Lilime limadandaula masiku ochepa kenaka limazolowera. Botolo lozizira likhale la pa ukwati, pabenchi pakhale madzi. Thobwa ndi sikwashi nazo muziwerengere shuga wake. M'malo mwa mandasi a tsiku ndi tsiku, mbatata yophika, dzira lophika, nthochi kapena mtedza wodzaza kadzanja kamodzi. Nsima musasiye, ndinu Amalawi, koma mitanda itatu ikhale iwiri, ndipo mgaiwa umaposa ufa woyera chifukwa gaga amachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndiponso mumakhuta nthawi yaitali. Theka la mbale likhale la masamba: bonongwe, chisoso, nkhwani, mpiru, kholowa, therere. Pambali pake nyemba, nandolo, khobwe, usipa kapena matemba. Mafuta ophikira muziyeza ndi supuni, osati kupendeketsa botolo, chifukwa mafuta ali ndi mphamvu zonenepetsa kuposa kawiri shuga kapena ufa wolemera chimodzimodzi. Chodabwitsa n'chakuti zonsezi zili mumsika momwemo, ena mwa inu ndiye mukugulitsa. Timagulitsa bonongwe kuti tigule chipisi!

A pachiwaya ndi a mandasi musandikwiyire. Sindikuti anthu asiye kukugulani, ndikuti mayi amene akusaka mphatso asakuyeseni khitchini yake ya tsiku lililonse.

Miyendo nayo igwire ntchito. A WHO amalangiza mphindi 150 pa sabata za kuyenda mwandawala kapena ntchito yotulutsa thukuta, ndiye kuti theka la ola masiku asanu. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike, kapena gwirizanani atatu a dera limodzi muziyenda poweruka kusanade. Kutsika theka la kilo pa sabata n'kokwanira, paja pang'onopang'ono ndi mtolo. Kudzimana chakudya masiku atatu sikuthandiza, thupi limadzabweza ndi chiwongoladzanja ngati katapila. Tiyi wochepetsa thupi amene amagulitsidwa m'zikwama, wambiri amangotsegula m'mimba, chimene mwataya ndi madzi ndi ndalama. Ndipo inu atsikana amene mukumwa mapiritsi onenepetsa kuti muoneke ochita bwino, dziwani kuti ena mwa mapiritsiwo, monga dexamethasone, ndi mankhwala amphamvu amene amakweza shuga, amafoola mafupa ndi kusokoneza msambo. Mukugula lero vuto limene mudzalilire mawa.

Nanga kuchipatala mupite liti? Ngati mwatha chaka mukukhalira limodzi popanda njira yolerera ndipo palibe chachitika, pitani. Ngati zaka zanu zafika 35, miyezi 6 yakwana. Ngati msambo umatalikirana kupyola masiku 35, musadikire chaka. Ndipo ngati yatha miyezi itatu osasamba pomwe simuli oyembekezera ndiponso simuli pa njira yolerera, pitani ngakhale simukufuna mwana, chifukwa khungu la m'kati mwa chiberekero likamangokhuthala zaka ndi zaka osatsukika lingathe kudzabweretsa khansa. Kuseri kwa kope lanu la ngongole muzilemba tsiku limene mwayamba kusamba mwezi uliwonse, adokotala adzalifuna. Yambani pa chipatala chaching'ono cha m'dera lanu, iwo adzakutumizani kwa madokotala a matenda a amayi pa chipatala cha boma kapena pa zipatala zazikulu za Queen Elizabeth, Kamuzu Central, Zomba ndi Mzuzu. Alipo mankhwala othandiza dzira kutuluka monga clomiphene ndi letrozole, ndiponso metformin wothandiza pa insulin, koma awa ndi olembedwa ndi dokotala atakuyezani, osati ogula chifukwa mnzanu anamwa. Pemphani akuyezeninso shuga ndi BP.

Chenjezo kwa amene simukufuna mimba pakali pano: msambo wodumphadumpha si njira yolerera. Dzira limatha kutuluka mwezi uliwonse osagogoda, makamaka mukayamba kutsika thupi.

Abambo, ndinalonjeza kuti dzina lanu lilipo. A WHO ananena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo achipatala amadziwa kuti pafupifupi pa theka la mabanja otere mwamuna ali ndi gawo pa vutolo. Mimba ya mowa ndi kanyenya imene mumaisisita monyadira ija imatsitsa homoni yachimuna ndi kuchepetsa mbewu. Kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zonse zimene mayi amayezedwa. Komanso amayi ambiri kwathu kuno salephera chifukwa cha thupi ayi, koma chifukwa njira zodutsa mazira zinatsekeka ndi matenda opatsirana pogonana monga chinzonono, amene kawirikawiri anachita kubweretseredwa pakhomo. Likodzo la nthawi yaitali nalo limawononga njira zomwezo. Ena ndi zotupa za m'chiberekero. Amene anali pa jakisoni wolerera amatha kudikira miyezi ingapo, ena mpaka chaka, asanaime, koma jakisoniyo satseka mpaka kalekale. Ndipo tonse tikudziwa amayi ojintcha amene ali ndi ana asanu ndi awiri. Choncho kuyang'ana mkazi ndi maso n'kugamula kuti vuto ndi thupi lake ndi umbuli. Safunsa anadya phula. Pitani nonse awiri.

Kwa inu apongozi ndi alamu, chipongwe sichinakhwimitsepo dzira ngakhale limodzi. Ngati mukufunadi chidzukulu, bweretsani mgaiwa ndi nandolo kuchokera kumudzi, ndipo muuze mwana wanu wamwamuna kuti aperekeze mkazi wake kuchipatala, nayenso akayezedwe.

Mayi wa kaunjika uja anamvetsera zonsezi manja ali patsaya. Sindinawalonjeze mwana chifukwa ine si Mulungu ndiponso si dokotala. Sindikudziwa chimene achipatala akapeze mwa iwo kapena mwa amuna awo. Chimene anavomera n'chakuti ndalama ya sing'anga wachinayi ikhala ya ulendo wa kuchipatala, ndipo kope la ngongole layamba kale kugwira ntchito yachiwiri. Chimene chikuwavuta ndi bambo a kunyumba, amene akuti kwawo kulibe gojo ndiye sangapite kukayezedwa. Ndawauza kuti aitane ankhoswe a mbali zonse ziwiri, nkhaniyo ikambidwe pa mphasa apongozi asanabwerere kumudzi.

Mnyamata wa tiyi atadutsa, anamuuza kuti athire masupuni awiri okha. Mnyamatayo anawayang'ana kawiri n'kufunsa ngati geni yavuta. Juzi ija ndinagula, koma mayiwo sanandichotsereko ngakhale kwacha imodzi.

Tionane sabata yamawa pa benchi lomwe lino.